Ntchito ya m'matope, kuchokera ku Chilwa mpaka kumene nyanja imadzaza kawiri pa tsiku

Funso lomwe ndimalandira kwambiri kuno ku Blantyre ndikanena kuti mbali ina ya maphunziro anga inali ya madambo a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ndi lakuti, aise, Malawi ilibe nyanja ya mchere, ndiye unkavutikiranji? Ena amafunsa moseka, ena amafunsa ndi chisoni chenicheni poganiza kuti fizi inangotayika. Mayi anga mpaka pano akamafotokozera anzawo a ku mvano amangoti "amagwira za madzi", anthu n'kumaganiza kuti ndimawerenga mamita a m'makomo, ndipo ine sinditsutsa chifukwa kulongosola kwake n'kwakutali. Koma achinyamata ena amene angolemba kumene MSCE, ndi ena amene ali kale ku yunivesite, akhala akundifunsa mofatsa kuti ntchito imeneyi munthu amatani kwenikweni, amalowa bwanji, nanga imadyetsa? Ndiye ndati ndilembe pamodzi zonse zimene ndimawayankha mwa apo ndi apo.

Ndiyambe ndi za kunyanja ya mchereko chifukwa ndi zimene ambirife sitinazionepo. Ife tinazolowera nyanja ya Malawi yomwe imakwera ndi kutsika pa chaka, dzinja idzaze, chilimwe iphweko. Nyanja ya mchere siidikira chaka. Mwezi ndi dzuwa zimakoka madzi, ndiye ku gombe la Mozambique madzi amakwera kawiri n'kutsika kawiri tsiku lililonse, kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamadutsa maola 12 ndi mphindi 25, kutanthauza kuti mawa adzadzaza mochedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 poyerekeza ndi lero. Mwezi ukakhala wathunthu, komanso nthawi ya mdima usanaoneke watsopano, madzi amakwera kwambiri n'kutsikanso kwambiri, pakatipo amangosuntha pang'ono. Ku Beira kusiyana kwa pamene madzi adzaza ndi pamene aphwa kumatha kupitirira mamita 6. Malo amene munaimapo m'mawa mukulemba m'kope, masana ndi pakati pa nyanja.

Pamalo amene amamira ndi kuvuuka chonchi ndi pomwe pali madambo amene ndikunenawa. Kumaiko ozizira monga America, Britain ndi Netherlands, komanso kumwera kwa South Africa ku Knysna ndi Langebaan, kumamera udzu ndi timasamba tonenepa tosunga madzi. Kwathu kotentha kuno malo omwewo amatengedwa ndi mitengo ya mangrove, udzuwo n'kukankhidwira kumbuyo kwake. Moyo wa chomera pamenepo ndi wovuta kwabasi. Mchere umachilanda madzi, matope alibe mpweya chifukwa anyowa mpaka pansi, ndiye zomera zake zili ndi timabowo m'kati mwa tsinde totsitsira mpweya ku mizu, mitengo ina ya mangrove imatulutsa mizu yoloza kumwamba kuti ipume, ina imataya mchere kudzera m'masamba moti ukanyambita tsamba umaumva. Fungo la mazira owola lomwe limatuluka ukaponda matope akudawo limachokera ku mabakiteriya amene amapuma pogwiritsa ntchito sulphate wa m'madzi a mchere m'malo mwa okosijeni. Fungolo limakhala m'zovala ngakhale muchape ndi sopo wanji.

Kwa nthawi yaitali azungu eni akewo ankaona malo amenewa ngati achabechabe, oswera udzudzu, oyenera kukwiriridwa kuti amangepo madoko ndi nyumba. Maganizo anasintha ndi anthu ochepa amene anapita kukakhala m'matopemo. Pa chilumba cha Sapelo ku Georgia, America, yunivesite ya Georgia inatsegula malo a kafukufuku mu 1953 mothandizidwa ndi Eugene Odum, ndipo mu 1962 John Teal anatulutsa pepala lowerengera chakudya chimene udzu wa Spartina umapanga ndi kumene chimapita. Iye anati gawo lalikulu limakokedwa ndi madzi akamaphwa n'kukadyetsa zamoyo za m'nyanja. Akatswiri akhala akukangana za kuchuluka kwake kuyambira pamenepo, ena akuti Teal anakokomeza, koma mkanganowo ndi umene unabala ntchito yathuyi. Mu 1971 maiko anasainira pangano loteteza madambo mumzinda wa Ramsar ku Iran, pa 2 February, n'chifukwa chake tsikuli timalikumbukira chaka chilichonse. Lipoti la bungwe la Ramsar la 2018 linati pakati pa 1970 ndi 2015 dziko lapansi linataya pafupifupi 35 peresenti ya madambo ake, liwiro loposa katatu mmene nkhalango zikuthera. Za nkhalango timalira tonse pa wailesi, za madambo zii.

Ine ndinakaphunzirira ntchito ya kumchereko kufupi ndi Quelimane, tauni ya makabaza ambiri moti munthu wa ku Malawi sumva chilendo. Kumeneko bwana wako ndi tebulo la nthawi ya madzi. Likati aphwa 5 koloko m'mawa, ndiye kuti 3 koloko uli maso, ukulongedza mapaipi otengera dothi, mabotolo, GPS, kachipangizo koyezera mchere, ndipo uli ndi maola ochepa basi oti ulowe, uyeze, utuluke. Matope ake si a pa Ndirande nthawi ya dzinja ayi, awa amakumeza mpaka m'ntchafu, gambuti imatsalira pansi, mizu ya mangrove ikukubaya, nkhanu zikuthawira m'maenje mbali zonse, ndipo madzi akamabwerera samabwera ndi phokoso, amayamba kudzaza timifuleni ta kumbuyo kwako iwe maso ali kunyanja. Lamulo loyamba limene amakuphunzitsa ndi kudziwa njira yotulukira usanayambe kuyeza kanthu.

Chomwe timayeza kwenikweni chimaseketsa anthu ndikawauza, chifukwa ndi mamilimita. Pali chida china chotchedwa SET chimene akatswiri a ku America anachikonza bwino m'zaka za m'ma 1990. Mumakhoma chitsulo chachitali pansi mpaka chikane kulowa, pamwamba pake n'kumangapo mkono wokhala ndi timisomali 9 tataliatali tomwe mumatitsitsa mpaka tikhudze matope, n'kuyeza kutalika kwa kamodzikamodzi. Pambali pake mumawaza ufa woyera wa mwala wa feldspar. Pakatha miyezi mumabweranso, kuyezanso timisomali tomwe tija pamalo omwe aja, kudula kadothi kuti muone matope angati aunjikana pamwamba pa mzere woyera uja. Funso lake ndi limodzi, kodi dambo likukwera msanga kuposa mmene nyanja ikukwerera? Nyanja za mchere pano zikukwera mamilimita oposa 3 pa chaka. Dambo limakwera ndi zinthu ziwiri, matope amene madzi amasiya akadzaza, ndi mizu yakufa yomwe siwola msanga. Likapeza matope okwanira limayenda limodzi ndi nyanja. Likapanda kupeza limamira, udzu kufa, mizu kuwola, nthaka n'kutitimira, ndipo likafuna kuthawira kumtunda limapeza msewu kapena mpanda wa munthu. Koma kuti munene motsimikiza kuti dambo lakuti likumira, muyeso wa chaka chimodzi ndi phokoso chabe, mumafunika zaka zisanu kapena khumi mukubwerera pamalo amodzimodzi.

Apa ndi pomwe nkhani ya kumchere imakumana ndi ife. Matope amene amadyetsa mangrove a kumathero kwa Zambezi amachokera kumtunda. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, la Cahora Bassa mu 1974, ndipo madamu akuluakulu chonchi amagwira matope komanso amasalaza kusefukira kwa pa chaka kumene dambo la ku Marromeu linkadalira. Shire amalowa mu Zambezi kumunsi kwa madamu onse awiriwo. Ndiye dothi lofiira limene timaliona likutsika mu Mudi mvula ikagwa, lochokera m'mapiri amene tinawameta mpala, limalowa mu Shire, lambiri limatsakamira ku Elephant Marsh, lotsala limapitirira mpaka kunyanja ya mchere kufupi ndi Chinde, doko lomwe sitima za atsamunda zinkanyamukirapo kubwera ku Nyasaland kuyambira m'ma 1890. Munthu amene akuyeza matope ku Chikwawa ndi amene akuyeza ku Chinde akuwerenga dothi limodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti wina amalemba lipoti m'Chingerezi wina m'Chipwitikizi, ndipo kawirikawiri sadziwana n'komwe.

Ndalama zambiri za kafukufuku wa kumchere masiku ano zikuyenda pa nkhani ya kaboni. Popeza m'matope mulibe mpweya, masamba ndi mizu sizimawola msanga, kaboni amakwiririka kwa zaka mazanamazana, komanso sulphate uja amachepetsa mpweya wa methane umene madambo a madzi opanda mchere amatulutsa wambiri. Kuyambira 2009 pamene mabungwe a United Nations anatulutsa lipoti la blue carbon, aliyense wolemba pempho la ndalama amalowetsamo mawu amenewo. Ku Gazi Bay ku Kenya kuli pulojekiti ya Mikoko Pamoja imene midzi imagulitsa kaboni wa mangrove awo, ndalama n'kukonzera madzi akumwa ndi zipangizo za sukulu. Imeneyo ndimaipatsa ulemu chifukwa anayeza kaye kwa zaka asanagulitse kanthu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi anthu amene akumva kuti muli ndalama n'kuyamba kulonjeza midzi ya kwathu kuno zomwezo pa madambo a madzi opanda mchere, pomwe masamu ake ndi osiyana chifukwa cha methane uja. Mwana amene alowe ntchito imeneyi adziwiretu kuti adzakumana ndi anthu ovala bwino amene akufuna siginecha yake pa manambala amene sanayezedwe.

Phindu lina ndi loteteza ku namondwe. Mphepo ya Sandy itagunda America mu 2012, kafukufuku wina amene anatuluka mu 2017 anawerengera kuti madambo a m'gombe anapulumutsa katundu wa madola pafupifupi 625 miliyoni. Ife sitikusowa zitsanzo zakutali. Idai anagwera ku Beira mu March 2019, Freddy anatulukira kachiwiri kufupi ndi Quelimane mu March 2023 asanafike kuno kudzatipha anthu ku Chilobwe, Manja ndi m'madera ena. Koma pamenepa tizinena zoona. Matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche palibe dambo limene likanaziletsa, imeneyo ndi nkhani ya phiri, mitengo ndi kumene tikumanga nyumba. Dambo limathandiza kumunsi, kumene madzi amafuna malo oti afalikire asanapitirire. Ndimakwiya ndikamva anzanga akugwiritsa ntchito maliro a Freddy pogulitsa nkhani iliyonse ya chilengedwe imene ali nayo m'chikwama.

Tsono kwathu kuno. Elephant Marsh ili m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, dzinalo linachokera kwa David Livingstone amene mu 1859 anati anaona njovu pafupifupi 800 pamenepo. Lero njovu mulibe, mwatsala mvuu, ng'ona, mbalame zosawerengeka, bango, gumbwa ndi namasupuni. Inalowa m'kaundula wa Ramsar mu 2017, mahekitala 61,556. Kayendedwe kake ka madzi n'kosangalatsa kwambiri kwa munthu amene anaphunzira za kumchere, chifukwa Ruo akadzaza kuchokera ku Mulanje amafika pa Chiromo ndi mphamvu moti amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo. Mafunso ake ndi omwe aja, madzi amafika pati, amakhala nthawi yaitali bwanji, amasiya matope angati, chimamera n'chiyani akachoka. Kumchere yankho limabwera kawiri pa tsiku, kuno kamodzi pa chaka, ndipo zaka monga 2015 limabwera mwa nkhanza.

Koma sukulu yeniyeni ya munthu wa madambo m'Malawi muno ndi Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndipo madzi amachoka pouluka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ikamaphwa mchere umachuluka. Ndi yosaya, yozunguliridwa ndi njedza, ndipo inali malo oyamba a Ramsar m'dziko muno mu 1997. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tonse tinaona zithunzi za mabwato ali pa nthaka yong'ambika ku Kachulu, anthu akupita ku Chisi pa njinga. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pamene inkauma mu 1968 paja, aphunzitsi a ku Chancellor College anali atayamba kale kuiyeza, Margaret Kalk ndi anzake, pamodzi ndi achinyamata monga Brian Moss ndi Clive Howard-Williams amene pambuyo pake anadzatchuka pa dziko lonse pa za madzi. Sanalongedze katundu nyanja itauma. Anapitiriza, anaona mmene matemba, makumba ndi milamba zimabisalira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'zithaphwi, ndi mmene zimabwererera madzi akadzaza, mpaka mu 1979 anatulutsa buku la Lake Chilwa: Studies of Change in a Tropical Ecosystem. Itaumanso mu 1995, anthu anali akudziwa kale kuti chofunika kuteteza ndi maiwe a m'mitsinje aja, kuti asathiremo katupe kapena kukokamo nsomba zonse, chifukwa mbewu ya nyanja yonse ili mmenemo. Nzeru imeneyo inachokera kwa anthu amene anali ndi manambala a nyanja isanaume, ikuuma, ndiponso itadzaza.

Ndiye vuto langa lalikulu ndi ntchito yathuyi lili apa. Chilwa imauma kamodzi pa zaka makumi awiri kapena kuposerapo, mwina pano zikuyandikirana, koma pulojekiti ya opereka thandizo imakhala ya zaka zitatu, ikatalika zisanu. Chaka choyamba chimathera pa kugula galimoto ndi mawekishopu, chomaliza pa kulemba lipoti. Ndinagwirapo pa pulojekiti ina imene tinaika tizipangizo toyeza kukwera kwa madzi tokha m'dambo lina, tabwino, todula, tinkalemba muyeso ola lililonse. Ndalama zitatha panalibe woti akasinthe mabatire, ndipo deta yonse inapita ndi laputopu ya munthu amene anapeza ntchito kwina. Patapita zaka kunabwera pulojekiti ina, anthu ena, galimoto zina, n'kuyamba kufunsa mafunso omwewo ngati palibe anapondapo. Pulogalamu ya ku chigwa cha Chilwa imene bungwe la zachilengedwe la LEAD ku Zomba, motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, linayamba mu 2010 inayesetsa kulumikiza zakale ndi zatsopano, koma zoterezi n'zochepa. M'dziko muno sitisowa kwenikweni anthu anzeru olemba mapepala, timasowa munthu woti adzabwerere pa chikhomo chomwecho chaka chamawa ndi chinacho popanda alawansi yonona.

Ndipo kuyeza kumatha kukutsutsa pa zinthu zimene unkazikonda. Tonse tinaphunzitsidwa kuti dambo lili ngati chinkhupule, limamwa madzi dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe kuti mitsinje isaphwe. Zimamveka bwino pa siteji. Koma akatswiri amene anayezadi madambo a kumtunda a ku Zimbabwe, Zambia ndi kuno, monga Andrew Bullock mu 1992, anapeza kuti nkhaniyi si yophweka choncho. Madambo ena akakhuta kumayambiriro kwa dzinja amangotaya madzi msanga, ndipo chilimwe udzu wake umamwa madzi ambiri moti mtsinje umalandira ochepa, madzi enieni a chilimwe n'kumachokera pansi pa nthaka ya kumtunda kozungulira. Izi sizikutanthauza kuti dambo n'lopanda ntchito, limagwira dothi, limasefa zonyansa, limadyetsa ziweto, limapatsa anthu dimba. Zikungotanthauza kuti dambo lililonse uliyeze palokha usanalilankhulire. Ndikanena zimenezi pa msonkhano anthu ena amandiyang'ana ngati ndagulitsa timu.

Mu Blantyre muno madambo tinali nawo ambiri, pakati pa mapiri ponse panali kadambo, koma pano ambiri ali pansi pa maziko a nyumba. Dutsani ku Machinjiri, Chirimba, Bangwe kapena Manase muone, poyamba amabwera oumba njerwa, kenako okumba mchenga, kenako wina amagula puloti yotchipa n'kuthira zinyalala ndi zibuma kuti pakwere, mvula ikabwera madzi amalowa m'nyumba ya neba wa kumunsi. Malamulo alipo, la madzi la 2013 ndi la chilengedwe la 2017, koma munthu amene akuthawa lendi samanga m'dambo chifukwa chokonda achule. Mwana wofuna mutu wa kafukufuku wa digiri yoyamba sakufunika ndalama ya basi yopita kutali, atenge zithunzi zakale za setilaiti za Landsat, zilipo kuyambira 1972 ndipo n'zaulere, ayerekeze ndi za Sentinel-2 za lero, awerenge madambo a mumzinda uno amene atsala.

Mbali ina imene sukulu siphunzitsa bwino ndi ya anthu. Dambo la ku Malawi si malo opanda mwini. Ku Chilwa kuli asodzi amene amagona m'zimbowera pakati pa njedza, osaka mbalame, alimi a mpunga. Ku Shire kuli madimba a chimanga, mbatata ndi nyemba amene amapulumutsa mabanja mvula ikakanika, ndipo chaka cha njala amayi amalowa m'madzi a ng'ona kukazula nyika. Ukafika ndi chikalata cha ku ofesi osayamba wakaonekera kwa amfumu, chikhomo chako chachitsulo mawa lake chidzakhala mpini wa chinachake. Ndipo mwini bwato amene wamulemba ganyu amalidziwa dambolo kuposa mapu ako. Bambo wina wachikulire amene ankatipalasa ku Shire ankangoti, "Achimwene, apo musatsike, pali mwini wake," ife n'kuyang'ana osaona kanthu, kenako mphuno za mvuu n'kutulukira. Yemweyo ankatha kukuuza kuti madzi a chaka chakuti anafika pa mtengo uti, ndipo tikayerekeza ndi zithunzi za setilaiti zinkagwirizana. Anthu oterewa maina awo salowa pa mapepala amene timatulutsa, chimene ine ndimachiona ngati kuba kwaulemu.

Zoopsa zake ndi zodziwikiratu, ng'ona, mvuu, misundu, malungo, ndipo likodzo ndiye mnzathu wa tonse, mankhwala a praziquantel timamwa mosachita kufunsana. Ngati simutha kusambira phunzirani, jekete yoyandamitsa muzivala ngakhale asodzi akusekeni.

Njira yolowera ndi iyi. Ku sekondale limbikirani Biology, Chemistry, Geography ndi Masamu, ndipo Masamuwo musawaone ngati chilango chifukwa ntchito yonseyi imathera pa manambala. Digiri yoyamba mutha kuitenga ku UNIMA ku Zomba, komwe Chilwa ili pakhomo, ku LUANAR, ku Mzuni, ku MUST ku Thyolo kapena ku MUBAS konkuno, m'maphunziro a zamoyo, za nsomba, za madzi kapena za chilengedwe. Ena amayambira ku koleji ya za nsomba ku Mpwepwe ku Mangochi n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo amenewo nthawi zambiri ndi amene amadziwa kugwira ntchito m'bwato. Za kumchere zenizeni muyenera kutuluka, masitazi ku IHE Delft ku Netherlands, ku Nelson Mandela University kumene Pulofesa Janine Adams wakhala akufufuza madambo a mchere a South Africa kwa zaka zambiri, kapena ku sukulu ya za m'nyanja ya yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Quelimane ngati mungalimbe mtima ndi Chipwitikizi. Masikolashipu a Commonwealth, Chevening, DAAD ndi Beit Trust alipo, ndipo wopempha amene akuti ndakhala ndikuyeza dambo lakwathu ndipo manambala ndi awa amaoneka mosiyana ndi amene akungoti ndimakonda chilengedwe.

Musanamizidwe ndi zithunzi za m'bwato, nthawi yambiri mudzakhala pa kompyuta ndi m'labu, kuumitsa dothi mu uvuni, kuliwotcha kuti muone kaboni, kusefa, kulemba manambala, kulimbana ndi pulogalamu yowerengera manambala ya R ikukana kuyenda chifukwa cha kachizindikiro kamodzi kolakwika, magetsi n'kuzima musanasunge. Phunzirani R ndi pulogalamu ya mapu ya QGIS panopa, zonse n'zaulere, bandulo yokha ndi imene ingakudyereni. Phunziraninso kulemba Chingerezi chomveka, chifukwa ndalama ya kafukufuku imabwera ndi pempho lolembedwa bwino.

Nanga imadyetsa? Imadyetsa, koma mosinthasintha. Ntchito zokhazikika zili m'boma ku nthambi za nsomba, za nyama zakutchire ndi za chilengedwe, ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndi m'mayunivesite, malipiro ake ndi a boma omwe mukuwadziwa. Mabungwe amalipira bwinoko koma ndi makontirakiti, ikatha pulojekiti mumakhala pakhomo miyezi ingapo mukutumiza ma CV. Ambirife timadalira maganyu owunika mmene chitukuko chikhudzire chilengedwe, misewu, masikimu a mthirira, migodi, ndipo kumeneko ndi kumene khalidwe la munthu limayesedwa chifukwa amene akukulipira ndi yemweyo amene akufuna lipoti linene kuti palibe vuto. Anzanga amene tinkaphunzira limodzi n'kupita ku akawunti anamanga kale nyumba ku Chileka, ine ndikadali pa lendi, ndipo sindikunena izi modandaula kapena modzitama, ndikungofuna muwerengere bwino musanasankhe.

Amene mwafika pano mukadali ndi chidwi, yambani mwezi uno. Pitani ku WESM, bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe, ku Limbe mukafunse za magulu oona mbalame, chifukwa mbalame za m'madzi zimawerengedwa pa dziko lonse January aliyense kuyambira 1967, ndipo manja owerenga sakwana. Kenako sankhani kadambo kamodzi koyandikira kwanu komwe mungafike wapansi, pemphani mwini malo, khomani mtengo wolimba wolembedwa masentimita pamalo pamene madzi amaima, ndipo Loweruka lililonse muzikajambula ndi foni mutaima pamalo amodzimodzi, kulemba tsiku, muyeso wa madzi, zimene zamera, mbalame zimene mwaona, ndi ngati wina wayamba kuumba njerwa. Sabata imene mulibe madzi lembani ziro, musasiye mpata, chifukwa ziro ndi muyeso pomwe mpata sutiuza kanthu. Zithunzizo muzisunga malo awiri, pafoni ndi pa imelo. M'kopemo muzilemba ndi pensulo, inki ikanyowa imafufutika.